Ntchito yatha: mafunso amene anthu amafunsa kalata ikatuluka

Kalata yochotsa munthu ntchito sikhala yaitali. Ndime ziwiri, siginecha ya bwana, basi. Koma mafunso amene imabereka amatha miyezi. Ine ntchito inanditherapo kamodzi, kampani yomwe ndinkagwirako itatseka nthambi yathu, ndipo kuchokera nthawi imeneyo abale, anzanga a kutchalitchi ngakhalenso anthu ongodziwana nawo m'minibasi akhala akundifunsa zinthu zofananafanana. Ndazisonkhanitsa pano. Zamalamulo zomwe ndatchula ndi za kuno ku Malawi.

Andipatsa kalata lero. Ndiyambire pati?

Yambani ndi mapepala, kulira kubwere pambuyo. Tsiku limene mwatuluka pageti ndi lomwenso khomo la ofesi limayamba kukuvutani kulowa, ndiye chilichonse chimene chili chanu chitengeni mudakali m'kati: kalata yomwe anakulemberani ntchito, kontirakiti, mapepala a malipiro a miyezi yapitayi, makalata okukwezani pa udindo, makalata ochenjeza ngati analipo, ndi nambala yanu ya penshoni. Zijambuleni pafoni ndipo muzitumize kwa munthu wina amene mumamukhulupirira. Katundu wa kampani, monga laputopu, makiyi ndi yunifomu, bwezani ndipo amene walandira asainire kuti walandira.

Mukapatsidwa pepala loti musaine kuti mwalandira zonse ndipo simudzadandaulanso, musathamangire cholembera. Pemphani kuti mukaliwerengere kunyumba. Munthu amene wangouzidwa kumene kuti ntchito yatha mutu sugwira, ndipo mabwana ena amadziwa zimenezi.

Pemphaninso satifiketi yosonyeza kuti munagwirapo ntchito. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wolemba ntchito apereke chikalata chimenechi wantchito akapempha. Chimanena nthawi imene mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu omaliza. Chifukwa chimene ntchito yathera chimalembedwapo pokhapokha inu mwini mutafuna.

Kodi bwana angathe kungondichotsa popanda chifukwa?

Ayi. Lamulo limafuna zinthu ziwiri. Choyamba, pakhale chifukwa chomveka: khalidwe lanu, kulephera kwanu kugwira ntchitoyo, kapena mavuto a kampaniyo monga kuchepa kwa ndalama ndi kusintha kwa kagwiridwe ka ntchito. Chachiwiri, ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kulephera ntchito, mupatsidwe mpata woyankhapo musanachotsedwe. Ngakhale munthu amene akuganiziridwa kuti waba amayenera kuitanidwa, kuuzidwa mlandu wake ndi kumvedwa mbali yake. Kuchotsa munthu chifukwa ndi woyembekezera, chifukwa walowa bungwe la antchito, chifukwa cha mtundu wake kapena chipembedzo chake n'kulakwira lamulo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nkhani ikafika kukhothi, amene amayenera kuonetsa kuti chifukwa chinalipo ndi bwanayo, osati inu.

Ndi ndalama ziti zimene ndiyenera kulandira?

Malipiro a masiku onse amene mwagwira mpaka tsiku lomaliza. Ndalama za masiku a tchuthi amene simunapite: wogwira masiku 6 pa sabata amakhala ndi masiku osachepera 18 pa chaka, wogwira masiku 5 amakhala ndi 15. Ndalama za notisi ngati sanakupatseni nthawi yochenjeza; kwa wolandira pamwezi, notisi ndi mwezi umodzi. Ovataimu yomwe inatsalira. Ndipo ngati mwachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena mwachotsedwa mopanda chilungamo, palinso severance, ndalama imene bwana amalipira molingana ndi zaka zimene mwamugwirira ntchito. Lamulo limati malipiro otsalira aperekedwe pasanathe masiku 7 ntchito itatha. Zoti "bwerani kumapeto kwa mwezi, akaunti sanasaine" zimachitika kwambiri, koma si zimene lamulo limanena.

Severance amawerengera bwanji?

Apa ndi pamene anthu amaberedwa kwambiri chifukwa choopa masamu, chonsecho masamu ake ndi a pulayimale. Kuchokera pamene lamuloli linakonzedwa mu 2010, amawerengera motere. Pa zaka 5 zoyambirira, chaka chilichonse chathunthu chimabala malipiro a masabata 2. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, chaka chilichonse ndi masabata 3. Kuyambira chaka cha 11 kupita m'tsogolo, chaka chilichonse ndi masabata 4. Amene sanakwanitse chaka salandira.

Tiyerekeze mwagwira zaka 12. Zaka 5 zoyamba zikupatsani masabata 10, zaka 5 zotsatira masabata 15, zaka 2 zomaliza masabata 8. Onse pamodzi masabata 33. Ngati malipiro anu pa sabata amakwana K70,000, severance yanu ndi K2,310,000. Onetsetsaninso kuti sakuwerengera pa malipiro a pansi okha, chifukwa alawansi ya nyumba imalowa nawo m'masamuwa.

Severance ndi penshoni ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wina akakuuzani kuti "severance yanu ili mu penshoni momwemo", ameneyo mufunseni akuonetseni pamene zalembedwa. Koma dziwaninso kuti amene wachotsedwa mwachilungamo chifukwa cha mlandu, kapena wasiya yekha ntchito mwakufuna kwake, salandira severance.

Andiuza kuti ndilembe ndekha kalata yosiya ntchito kuti mbiri yanga isaipe. Ndilembe?

Ganizani kawiri. Malangizo amenewa amamveka ngati chifundo, ndipo nthawi zina amakhaladi chifundo, makamaka ngati mlandu wanu ndi woonekeratu. Koma kawirikawiri ndi njira yozembera severance ndi notisi. Mukalemba nokha, papepala pakhala poti munachoka mwakufuna kwanu. N'zoona kuti lamulo limazindikira munthu amene wasiya ntchito chifukwa bwana wamuzunza mpaka kusowa pogwira, ndipo limamuona ngati wochotsedwa, koma pamenepo udindo woonetsa umboni umagwera inu. Ngati mukudziwa kuti simunalakwe, asiyeni alembe okha.

Ndikadandaule kuti, ndipo ndili ndi nthawi yaitali bwanji?

Pitani ku Leba, ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, pasanathe miyezi 3 chichotsedwereni. Miyezi itatu imaoneka yambiri, koma mwezi woyamba umatha munthu akadali wodabwa, wachiwiri umatha akudikira lonjezo la bwana loti "tikuimbirani", ndipo akamadzidzimuka nthawi yatha. Ku Leba salipiritsa. Ofisala amaitana mbali zonse ziwiri n'kuyesa kuziyanjanitsa. Zikakanika, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi loona milandu ya pantchito, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kumeneko munthu angathe kudziyankhulira yekha popanda loya. Khothi likapeza kuti munachotsedwa mopanda chilungamo, lingalamule kuti mubwerere pantchito kapena mulipidwe chipukuta misozi.

Ngati munali membala wa bungwe la antchito, yambirani kumeneko. Ndalama zomwe ankakudulani mwezi ndi mwezi ntchito yake ndi imeneyi. A Legal Aid Bureau amathandizanso anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Chenjezo langa ndi limodzi. Milandu imeneyi imatenga nthawi, ina zaka. Ndaona anthu ataimitsa moyo wawo wonse podikira chigamulo, osafunsira ntchito kwina, akungowerengera ndalama zomwe adzalandire. Kasumeni, sungani fayilo yanu bwino, pitani tsiku la mlandu likafika, koma masiku ena onsewo sakani ntchito.

Nanga penshoni yanga ndingaitenge?

Lamulo limati wolemba ntchito aziika ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro anu ku thumba la penshoni, inu n'kumaika 5 peresenti. Chinthu choyamba, pitani kukampani yosunga penshoni yanu, kaya ndi Old Mutual, NICO kapena ina, mukapemphe sitetimenti. Ena amakadzidzimuka kumeneko kuti ndalama ankadulidwa mwezi uliwonse koma sizinkafika. Zikakhala choncho, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.

Lamulo la penshoni la 2023 linachepetsa nthawi yodikira kuchoka pa miyezi 6 kufika pa miyezi 3 kwa munthu amene ntchito yamuthera ndipo sanapeze ina. Akampani yosungayo adzakuuzani gawo limene mungatenge ndi mapepala ofunika. Koma kuti mungathe kutenga sizikutanthauza kuti mutenge. Ngati severance ikukwanira kukusungani miyezi ingapo, isiyeni penshoniyo; mukapeza ntchito ina imapitirira pomwe inalekera.

Ndiwauze akunyumba? Ndikuchita manyazi.

Funso limeneli amuna ndi amene amafunsa kwambiri, ndipo amafunsa motsitsa mawu. Ndikudziwa bambo wina amene anatha milungu isanu akudzuka m'mamawa, kusamba, kumanga tayi, kutsanzika ana n'kukakhala tsiku lonse pa benchi m'tauni. Ndalama ya minibasi ankaitenga pa severance. Akazi awo anamva nkhaniyi kwa mkazi wa mnzawo wa kuntchito, pamaliro. Chimene chinawapweteka mayiwo sichinali kutha kwa ntchito ayi, koma kuti milungu yonseyo ankagula ndiwo ndi kutumiza ndalama kumudzi ngati zonse zili bwino.

Auzeni akazi anu kapena amuna anu tsiku lomwelo. Manyazi amadya ndalama kuposa china chilichonse pa nthawi imeneyi: amakuletsani kusamukira m'nyumba yotchipa, amakuletsani kuuza mphunzitsi wamkulu kuti fizi ichedwa, amakuletsani kupita ku Leba poopa kukumana ndi wokudziwani, amakuletsani kuuza anthu omwe akanakutsinani khutu za ntchito ina. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili ndi la nonse.

Ana auzeni molingana ndi msinkhu wawo. Amaona okha kuti shuga wachepa mu tiyi. Achibale akumudzi amene mumawathandiza auzeninso msanga, kuti nyengo ya feteleza isawapeze akudalira inu.

Ndalama zomwe ndalandirazi ndiyambire bizinesi?

Mwina, koma osati mwezi uno, ndiponso osati zonse. Munthu akalandira mamiliyoni awiri kapena atatu pakamodzi, alangizi amachuluka. Uyu akuti gulani minibasi, uyo akuti tiyeni ku Tanzania tikapikule zovala, wina akuti soya chaka chino alemeretsa anthu. Onsewo ndalama si zawo.

Yambani mwawerengera zimene banja limadya pamwezi: lendi, chimanga, magetsi, madzi, fizi, mankhwala. Patulani za miyezi isanu ndi umodzi n'kuziika pamene dzanja silifika msanga. Zotsalazo ndiye mpamba. Kumbukiraninso kuti kwacha sichedwa kufooka. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga ndalama pansi pa matiresi anaona mtengo wake ukusungunuka. Kugula matumba a chimanga a chaka chonse nthawi yokolola ndi kulipiriratu lendi ndi fizi ndi njira imodzi yotetezera zomwe muli nazo.

Bizinesi yabwino kuyamba nayo ndi imene mukuidziwa kale, kapena imene mungaiyese ndi ndalama zochepa. Amene anali dalaivala wa kampani amadziwa za galimoto. Amene anali kalaliki wa maakaunti angathe kusunga mabuku a timashopu titatu kapena tinayi n'kumalandira pamwezi. Njinga yamoto ya kabaza yopatsa mnyamata kuti azikubweretserani ndalama madzulo imaoneka yophweka papepala, koma funsani kaye anthu atatu amene anayesapo.

Ndili ndi ngongole kubanki komanso ku banki m'khonde. Nditani?

Pitani nokha asanakusakeni. Kubanki funsani ngati ngongole yanu inali ndi inshuwalansi yokhudza kutha kwa ntchito, chifukwa ngongole zina zodulidwa pa malipiro zimakhala nayo ndipo anthu sadziwa. Ngati ilibe, pemphani kuti akuchepetsereni zobweza pamwezi. Ku banki m'khonde ndi ku SACCO nenani zoona pamsonkhano. Anthu amene mumakhala nawo dera limodzi amamva msanga munthu wobwera yekha kusiyana ndi wozemba. Katapila musamuyandikire. Kubweza ngongole ndi ngongole ya katapila n'kuzimitsa moto ndi palafini.

Ntchito ndiisake kuti? Anthu amati masiku ano n'zodziwana.

Pali choonadi pamenepo, tisanamizane. Koma kudziwana kuli pawiri. Kulipo kwa ziphuphu ndi kwa "mwana wa achimwene", komwe inu ndi ine sitingakusinthe lero. Kulinso kwina: munthu amene munagwira naye ntchito zaka zisanu zapitazo, amene akudziwa kuti simuchedwa ndipo simuba, wamva kuti kuofesi kwawo akufuna munthu. Kudziwana kumeneku n'kwanu, munakugwirira ntchito. Lembani mayina 20 a anthu otere: anzanu akale, makasitomala, ogulitsa katundu kukampani yanu yakale, anzanu a kusukulu. Aimbireni mmodzimmodzi. Musawapemphe ntchito, chifukwa ambiri alibe ntchito yopereka ndipo adzayamba kukuzembani. Auzeni kuti muli pa msika, ntchito imene mumaidziwa ndi yakuti, ndipo akamva kanthu akukumbukireni.

Kupatula apo, onani malonda a ntchito mu The Nation ndi The Daily Times, masamba a ntchito a pa intaneti, magulu a WhatsApp ndi LinkedIn. CV ikhale ya masamba awiri, yonena zimene munachita osati udindo wokha. "Ndinkayang'anira sitolo ya katundu ndi anthu 8" ikuposa "Stores Supervisor" yokhayokha. Anthu amene mwawalemba kuti akakuchitireni umboni auzeni kaye, ndipo onetsetsani kuti manambala awo akugwira.

Pa intavyu akandifunsa chifukwa chimene ndinachokera, ndinene chiyani?

Zoona, mwachidule. Ngati kunali kuchepetsa antchito, nenani choncho. Palibe wolemba ntchito m'dziko muno amene sakudziwa mmene makampani avutikira kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020 ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Ngati munachotsedwa pa mlandu, musaname, chifukwa dziko lathu ndi laling'ono ndipo mabwana amaimbirana foni. Nenani chimene chinachitika m'mawu ochepa, chimene munaphunzirapo, n'kubwerera ku ntchito imene mukufunsirayo.

Bwana wakale musamunyoze, ngakhale atakhala kuti anali nkhanza yeniyeni. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Amene akukufunsaniyo akumva mmene mudzamunenere iyeyo mawa.

Ndapeza ntchito koma malipiro ndi theka la akale. Ndivomere?

Ngati ndalama zosungira zatsala za mwezi umodzi kapena iwiri, vomerani, n'kumasakabe. Munthu amene ali pantchito amapeza ina mosavuta kusiyana ndi amene wakhala pakhomo zaka ziwiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chokhacho, pemphani kalata yolembedwa yonena malipiro, maola ndi nthawi yoyesedwa, ngakhale ntchitoyo ikhale ya miyezi itatu.

Wina akuti andipezera ntchito ndikamupatsa kangachepe. Winanso akuti ali ndi njira ya kunja.

Ntchito yeniyeni siyamba ndi inu kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. "Ndalama ya fomu", "ya yunifomu", "ya kuchipatala", "yoti fayilo yanu ikwere pamwamba": zonsezi ndi nyambo. Akuba amenewa amagwiritsa ntchito mayina a mabungwe odziwika ndipo amafulumizitsa munthu kuti malo atsala awiri. Pitani nokha kuofesi ya bungwelo mukafunse ngati malondawo ndi awo.

Za kunja n'zofunika kusamala koposa. Amayi ambiri a ku Malawi anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, n'kukapezeka ali antchito a m'nyumba olandidwa mapasipoti, osaloledwa kuchoka, ndipo kuwabweza kunali kovuta. Musanakwere ndege, funsani ku unduna wa zantchito ngati kampani yotumiza anthuyo ndi yovomerezeka, werengani kontirakiti mudakali kuno, ndipo siyani kope ya pasipoti ndi kontirakitiyo kwa achibale. Za ku Joni nazonso, amene amabwera ndi galimoto pa Khirisimasi timawaona, koma amene akugona khumi m'chipinda chimodzi opanda mapepala sajambulitsa zithunzi.

Ndili ndi zaka zoposa 45. Alipo angandilembe? Kapena ndibwerere kusukulu?

Malonda ambiri a ntchito amakonda achinyamata chifukwa ndi otchipa, izi n'zoona. Koma timakampani ting'onoting'ono, masukulu omwe si aboma, mipingo ndi mabungwe a m'maboma amasowa anthu odziwa kale ntchito amene safuna kuphunzitsidwa. Kumeneko zaka zanu ndi katundu.

Za sukulu, musathamangire digiri ya zaka zinayi ndi ndalama za severance. Onani kaye chimene chikukulepheretsani. Ngati ndi kompyuta, kosi ya miyezi itatu ikwanira. Ngati muli ndi luso la manja lopanda pepala, monga kuwotcherera, zamagetsi, ukalipentala kapena kusoka, funsani a TEVETA kapena sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Mzuzu, Nasawa, Namitete ndi Salima za njira yopezera satifiketi. Ngati chimene chikusowa ndi MSCE, masukulu a madzulo alipo, ndipo simudzakhala wamkulu nokha m'kalasimo.

Sindikugona, sindikufuna kuona anthu, ndayamba kumwa kwambiri. Kodi n'zachilendo?

Si zachilendo. Ntchito simangopatsa munthu ndalama, imamupatsa chifukwa chodzukira, anthu ocheza nawo ndi yankho pamene wina wafunsa kuti "mumatani?" Zonsezi zikachoka tsiku limodzi, thupi ndi mtima zimadabwa. Ine masabata oyamba ndinkadzuka 4 koloko m'mawa n'kumangoyang'ana kudenga, kuwerengera lendi.

Chimene chinandithandiza ndi kuika tsiku m'ndondomeko: kudzuka nthawi yomweyo, m'mawa kulemba makalata ndi kuimba mafoni, masana ntchito ya manja, kaya kudimba kaya kukonza pakhomo, madzulo kuyenda. Musasiye kupita kutchalitchi, kumzikiti, kumpira kapena kubawo chifukwa choopa mafunso. Mowa umagoneka munthu usiku umodzi n'kumudzutsa ndi ngongole.

Koma ngati papita milungu ingapo osadya bwino, osagona, kapena mwayamba kuganiza kuti banja lingapepukidwe inu mutachoka pa dziko, limenelo ndi vuto la kuchipatala ngati malungo. Uzani munthu lero lomwe, mkazi wanu, mbale, abusa kapena shehe, ndipo pitani kuchipatala cha boma chapafupi mukafunse wothandiza za maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso anthu otere. Ndipo ngati amene ntchito yamutherayo ndi mnzanu, musadikire kuti akuimbireni, chifukwa mwina alibe ndi mayunitsi omwe. Pitani kwawo Loweruka, mumutenge mukaonere limodzi mpira.